Kudzidziwa Ndiko Chiyambi cha Kusankha Bwino

Chaka ndi chaka, zotsatira za mayeso a MSCE zikangotuluka, m'mabanja mwathu mumabuka funso limodzi: kodi mwanayu akaphunzire chiyani? Ena amayesa kuti imeneyi ndi nkhani yodzaza fomu basi. Komatu pansi pake pagona funso lakuya: kodi munthu angasankhe bwino njira ya moyo wake asanadziuze yekha zoona za mphatso zimene ali nazo?

Tiyeni tione m'mene zinthu ziliri. Wofuna malo m'mayunivesite a boma amapempha kudzera ku bungwe la NCHE, ndipo ayenera kukhala ndi makirediti 6, Chingerezi chili momwemo. Koma phunziro lililonse lilinso ndi zofuna zake. Udokotala umalira kukhoza bwino masamu ndi sayansi. Uinjiniya nawonso chimodzimodzi. Mwana wongowerenga mapointi ake n'kumadzitama, osafufuza zofunikirazi, wagwa mpikisano usanayambe. Enanso amatsata malangizo a amalume amene adakali ndi maina akale m'mutu, chonsecho kuyambira mu 2021 Polytechnic inasanduka MUBAS, ndipo College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing zinaphatikizidwa n'kukhala KUHeS. Akale anati safunsa anadya phula.

Cholakwa chachikulu koposa, komabe, chimachokera mumtima. Ambiri amadzaza mizere yonse ya fomu ndi maphunziro omveka maina, amene amalimbiranidwa ndi okhoza koposa m'dziko lonse. Zaulimi za ku Bunda, kapena zauphunzitsi za ku Mzuzu ndi ku Zomba, amaziona ngati zotsika. Mapeto ake maina akatuluka, lao palibe, pamene mnzao wa mapointi ofanana, amene anasankha molingana ndi mphamvu zake, wapeza malo. Kulakalaka zazikulu si kulakwa ai. Kulakwa n'kudzinamiza, kufuna ulemu wa ntchito m'malo mwa ntchito yeniyeniyo.

Ndipo ife akuluakulu tisafulumire kudzudzula anawa. Nthawi zambiri ndife amene timawasenzetsa maloto athu. Timafuna kuti pamudzi azititchula makolo a dokotala, osafunsa ngati mwanayo angapirire kukhala pambali pa wodwala usiku wonse. Mwana si munda wathu woti tidzalemo chimene tafuna. Udindo wathu ndi kumuthandiza kuona bwino, osati kumuonera.

Tsono inu makolo, khalani pansi ndi mwana wanu fomu isanatumizidwe, nthawi ikadalipo. Werengani naye zofunikira za phunziro lililonse, mufunsenso aphunzitsi amene akumudziwa. Nanunso achinyamata, dzifunseni moona mtima: kodi ndimatha chiyani, ndipo ndingathandize nacho yani? Wophunzitsa ana mokhulupirika ndi wosamala nthaka mwaluso sachepa pamaso pa dokotala. Dziko lathu likuwasowa onsewa.