"Zili bwino, achimwene"

Pali bodza lina lomwe limanenedwa tsiku ndi tsiku m'mababashopu ndi m'masaluni athu, koma palibe amene amalitcha bodza. Wometa akamaliza amatenga kagalasi, n'kukuonetsa kunkhongo, n'kufunsa kuti, "Zili bwanji, bwana?" Munthu amayang'ana, mtima n'kugunda chifukwa zomwe akuonazo si zomwe anabwerera, koma pakamwa pamatuluka mawu akuti, "Zili bwino, achimwene." Amalipira, amathokoza, kenako sabata yonse amayenda ndi chipewa. Funso langa n'lakuti: kodi kukhala chete kotereku ndi ulemu, monga timanenera, kapena ndi mantha omwe tangowapatsa dzina labwino?

Choyamba tione kumene khalidweli likuchokera, chifukwa silinagwe kumwamba. Ambirife tinakula mutu uli wathu koma tsitsi lili la ena. Kupulayimale lamulo linali kumeta, ndipo wochedwa kumeta ankadulidwa kanjira pakati pamutu ndi sizasi ya aphunzitsi. Kumudzi maliro akachitika, mwambo ndiwo unkanena tsiku loti abale amete. Boma nalo linalowererapo. Lamulo la kavalidwe la mu 1973, m'nthawi ya Kamuzu Banda, linaletsa amayi kuvala mathalauza ndi masiketi aafupi, ndipo m'zaka zomwezo mwamuna sankaloledwa kusunga tsitsi lalitali, moti ngakhale alendo ankametedwa asanalowe m'dziko. Lamulo la kavalidwelo linachotsedwa mu 1993, ine ndisanabadwe, koma fungo lake linatsala. Zinatengera chigamulo cha Justice Zione Ntaba ku khoti lalikulu ku Zomba, mu Meyi 2023, kuti ana a chipembedzo cha Rastafari aloledwe kuphunzira m'sukulu za boma ali ndi madiredi awo. Ndiye munthu woleredwa m'dziko lotere akakhala pampando, nsalu atamumanga m'khosi, n'zosadabwitsa kuti amangoweramitsa mutu. Anaphunzira kale kuti pa nkhani ya tsitsi wogwira sizasi ndiye mwini mawu.

Komatu sindikufuna kunyoza anthu okhala chete, chifukwa maganizo awo ali ndi mutu. Wometa waimirira theka la ola, mwina akuthamangitsana ndi magetsi oti azima nthawi ina iliyonse. Woluka wakhala pamutu pako kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, zala zikuwawa. Ndalama yomwe alandire ndi yochepa. Pabenchi pali anthu akudikira, makutu ali tcheru. Kunena kuti "mwalakwitsa" pamalo otere n'kumuvula munthu pagulu. Ndipo tsitsi si mwendo, limamera, pafupifupi sentimita imodzi pamwezi. Bwanji osangopirira masabata angapo m'malo mopweteka mtima wa munthu? Ameneyu ndi umunthu, amatero, ndipo ine ndimawamva.

Vuto langa lili pa zomwe zimachitika munthu uja akatuluka pakhomo. Katswiri wina wa zachuma, Albert Hirschman, analemba buku mu 1970 lotchedwa Exit, Voice, and Loyalty. Mfundo yake inali yakuti munthu akakhumudwa ndi sitolo, bungwe kapena boma, ali ndi njira ziwiri: kuchoka kapena kulankhula. Ife pa nkhani ya tsitsi timasankha kuchoka. Sitibwereranso. Mwezi wotsatira tili pampando wa wometa wina kuseri kwa msika, ndipo anzathu akafunsa timawauza kuti, "Uko osapitako, amaononga mitu." Mawu omwe tinamumana mwini wake timawagawira tauni yonse.

Tsono taganizirani mbali ya wometayo. Anafunsa, anauzidwa kuti zili bwino, anakhulupirira. Mawa adzameta munthu wina chimodzimodzi. Makasitomala akuchepa, lendi ya kashopu ikudikira, iye sakudziwa chomwe chalakwika. Pamenepa ndani wameta mnzake mpala wopanda madzi? Akuluakulu anati safunsa anadya phula, koma uyu anafunsa ndithu, ndipo phulalo tamudyetsa ndife. N'chifukwa chake ndikuona kuti chete wathu uja sateteza wometa kwenikweni. Amateteza ifeyo ku kamphindi kovuta, ndipo mtengo wake amalipira ndi iye.

Palinso kunyoza kobisika m'menemo. Ukamubisira munthu chilungamo pa ntchito yake, ndiye kuti waganiza kale kuti sangathe kuchilandira, kapena sangathe kusintha. Mwana wamng'ono akajambula nkhuku yooneka ngati galu timamuombera m'manja. Munthu wamkulu, yemwe ntchito ya manja ake ikudyetsa banja, si woyenera kumuombera m'manja motero.

Ndipo nkhaniyi si ya kukongola kokha. Atsikana ambiri anauzidwa kuti kuluka kwabwino ndi komwe kumakoka khungu mpaka tulo osabwera usiku woyamba. Koma kukoka tsitsi mwamphamvu mobwerezabwereza kumathothola tsitsi la m'mbali ndi pachipumi. Madokotala amati traction alopecia, ndipo zikapitirira kwa zaka tsitsilo silimeranso. Mankhwala ambiri owongola tsitsi ali ndi sodium hydroxide, soda yemweyo wopangira sopo, ndipo akakhalitsa pamutu amawotcha khungu. Mayi akumva kutentha koma akuopa kunena kuti, "Asisi, tsukani, zikuwotcha," poopa kuoneka wovuta. Kubabashopu nako, mashini osapukutidwa amasamutsa zipere, ndipo lezala lomwe lakhudza magazi a wina likhoza kupatsira matenda a chiwindi a hepatitis B. Kupempha kuti athire sipiliti kapena atsegule lezala latsopano uli kuona si mwano. Ngati ulemu ukufuna kuti ndipse khungu mwakachetechete, ulemu umenewo uli ndi vuto.

Izi sizikutanthauza kuti aliyense azikalipa. Tonse tinawaonapo makasitomala omwe amalankhula ndi atsikana a m'saluni ngati akulankhula ndi akapolo, poti iwo ndiwo agwira ndalama. Kumeneko si kulankhula chilungamo, ndi kudzikuza. Chomwe chimasiyanitsa, m'kuona kwanga, ndi nthawi ndi cholinga. Tsitsi likagwa pansi silibwerera pamutu, choncho mawu othandiza ndi omwe anenedwa mashini asanalire: "Achimwene, m'mbalimu muchepetse, koma pamwambapa musakhudze." Kapena ntchito ili mkati: "Asisi, apa mwakoka kwambiri, tamasulani pang'ono." Mawu otere amamupatsa munthu mpata wokonza. Olankhulidwa kumapeto mokweza amangomusiyira manyazi. Ngakhale zitalakwika kale, kumuuza motsitsa mawu pomwe ukulipira kuti ulendo wina adzachite mwakutimwakuti, kenako n'kudzabweradi, ndi mphatso yoposa kumuwonjezera ndalama yapamwamba.

Udindowu ndi wa mbali zonse. Munthu akabwera ndi chithunzi cha pafoni cha woimba wina yemwe tsitsi lake n'losiyana ndi lake, wometa wabwino amayenera kunena kuti, "Bwana, iyi pamutu panu situluka chonchi." Nayenso akangoti "tipanga" pofuna kusunga kasitomala, wanama bodza lomwe lija. Iye akudziwa mashini ndi mmene tsitsi limagonera. Ine ndikudziwa nkhope yomwe ndikufuna kupita nayo kuntchito Lolemba. Palibe amene ali ndi nzeru zonse ziwiri, ndiye popanda kulankhulana wina aluza basi.

Mwina wina ati ndakulitsa nkhani yaing'ono. Koma ine ndimaona kuti munthu yemwe sangathe kuuza wometa za mutu wake womwe, pamalo pomwe choopsa chachikulu ndi kamphindi ka manyazi, adzavutika kufunsa dokotala dzina la mankhwala omwe akumubaya, kapena kufunsa abwana chifukwa chomwe malipiro achedwera. Kulankhula mwaulemu koma mosabisa ndi luso, ndipo luso limaphunziridwa pa zinthu zing'onozing'ono. Wakutsina khutu ndi mnansi, timatero. Wometa wako naye ndi mnansi, ndipo kawirikawiri amakhala akudikira kuti wina amutsine khutu asanataye kasitomala winanso.