Za Kudikiritsa Munthu Wofuna Ntchito

Pali mlandu wina umene sufika pa bwalo la mfumu kapena ku khoti, koma ukambidwa ndi mtima wowawa m'nyumba zambiri za kuno ku Mulanje. Mlanduwo ndi uwu. Munthu aitanidwa ku mayeso a ntchito, amene ana a masiku ano awatcha intavyu. Kalata, kapena uthenga wa pa foni, umuuza kuti afike 8 koloko m'mawa. Iye afika nthawi isanakwane, atasamba ndi kuvala malaya ake a ku tchalitchi, nakhala pa benchi la pakhonde, masatifiketi ali m'manja. Dzuwa likwera, lifika paliwombo, liyamba kupendeka, ndipo palibe mmodzi wotuluka kudzamuuza kanthu. Mwina aitanidwa madzulo njala itamufooketsa kale; mwinanso mlonda ndiye amuuza kuti abwana atuluka, abwerenso mawa. Tifuna tiweruze mlandu umenewu pamodzi ndi inu, owerenga athu. Kodi wodikiritsa mnzake chotero walakwa, kapena wangotsata mwambo wa m'maofesi? Nanga wodikirayo achite chiyani ndi mkwiyo umene uli kutukusira mumtima mwake?

Ambiri ayankha msanga kuti palibe mlandu pamenepa. Ati wofuna kanthu ndiye adikira, natikumbutsa mwambi wa makolo wakuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Mwambiwo ndi woona, ndipo sitiutsutsa. Koma tiyeni tiuyang'anitsitse. Nkhono siinaitane munthu kuti adzaone maso ake, ndiponso siinatchule ola. Ibisala m'chigoba mwake chifukwa ndimo inalengedwera. Mwini ntchito si nkhono. Iye ndiye analemba kalata, iye ndiye anasankha tsiku ndi ola, ndipo pakutero anapangana ndi munthu. Mwambi wa nkhono uphunzitsa wodikira, koma sumasula wodikiritsa.

Kudikira pakokha si chinthu chachilendo kwa ife. Kumudzi munthu akapita kwa mfumu ndi nkhani yake, saona nkhope ya mfumu nthawi yomweyo. Koma taonani umo mwambo uyendera. Mlendo aima chapatali nati, "Odi!" ndipo a pakhomo amuyankha msanga, ngakhale ndi mwana yemwe. Amuyalira mphasa kapena kumupatsa mpando pamthunzi. Amulonjera ndi kumufunsa za kumene achokera. Akakhala wochokera kutali amupatsa madzi akumwa. Atatero amuuza kuti, "Amfumu ali kudimba, tatuma mwana akawaitane." Mlendo uja akhoza kukhala maola awiri, koma mtima wake uli m'malo, pakuti adziwa kuti amuona, adziwa chimene chachedwetsa mfumu, ndipo adziwa kuti mawu ake apita. Koma pakhomo pamene mlendo anena odi kawiri katatu osayankhidwa, eni ake ali m'nyumba momwemo, mudzi wonse unena kuti pakhomo pamenepo mpopanda mwambo. Apa tiphunzira kuti chopweteka pa benchi la ku ofesi si kuchuluka kwa maola kokha. Choposa ndicho kusayankhidwa kuja: munthu wanena odi, ndipo ovala bwino ali kupita ndi kubwera pamaso pake monga ngati pa benchipo pali thumba la chimanga.

Tsopano tiwerenge mtengo wa tsiku limenelo, pakuti alipo ena amene ayesa kuti nthawi ya munthu wosowa ntchito ilibe mtengo. Boma lathu la Mulanje lili ndi anthu ambiri pa malo ochepa. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 680,000, ndipo nthaka yabwino yambiri ya m'tsinde mwa phiri ili ndi tiyi. Potero mabanja ambiri alibe munda wowadyetsa chaka chonse, ndipo adya lero chimene apeza lero: pa ganyu, pa kabaza, kapena pogulitsa nanazi ndi nthochi pa Chitakale. Mnyamata wa ku Muloza kapena ku Limbuli akaitanidwa pa boma, asiya ganyu wa tsikulo, akongola ndalama ya minibasi kwa amalume ake, alipira fotokope ya masatifiketi, ndipo ya chakudya cha masana alibe. Akaitanidwa ku Blantyre, ulendo wa makilomita oposa 60, adzuka kusanache, ndipo akamusunga kufikira madzulo asowa pogona. Mayi asiya khanda loyamwa kwa agogo ake poyesa kuti abwera masana. M'miyezi ya June ndi July chiperoni chiwomba pakhonde paja, ndipo munthu alowa kwa oyesa mano ali kugwedezeka. Bwana amene ali m'kati alandira malipiro ake a tsikulo, achedwe asachedwe. Wa pa benchi ataya ake. Kodi tsono wotenga tsiku la mmphawi popanda chifukwa asiyana pati ndi wotenga nkhuku yake? Wotenga nkhuku amulipiritsa pa bwalo, nkhuku nibwerera kwa mwini wake. Koma tsiku palibe angathe kulibweza.

Mwambo woipa umenewu unachokera kuti? Makolo athu sanawerenge nthawi ndi wotchi. Anapangana poloza dzuwa, ndipo wamkulu ndi wamng'ono anali pansi pa dzuwa limodzi. Wotchi ndi belu zinadza ndi mishoni, ndi boma, ndi minda ya Azungu. Tiyi anayamba kudzalidwa kuno m'chaka cha 1891, pamene Henry Brown anadzala mbewu zochokera ku Mishoni ya Blantyre. Pamene minda inakula, anthu ambiri, makamaka Alomwe ochokera ku Mozambique, anakhala pa malo a eni minda, nalipira malowo ndi ntchito ya manja awo. Imeneyi ndiyo thangata ija, mawu amene kale anatanthauza kuthandizana, nasanduka dzina la goli, kufikira inathetsedwa m'chaka cha 1962. Masiku amenewo wantchito anali ndi tikiti imene kapitawo anachonga tsiku ndi tsiku, ndipo dandaulo lalikulu linali lakuti munthu wolephera kutsiriza gawo lake anagwira tsiku lonse, tikiti yake osachongedwa. Thangata inatha, koma phunziro lake lina likadali m'mitima: lakuti nthawi ya wamkulu ndi ndalama, koma ya wamng'ono ndi madzi a mumtsinje, otunga aliyense. Lero wokhala pa mpando wa bwana ndi mwana wa kwathu konkuno, amene nayenso anakhalapo pa benchi. Komabe wofuna ntchito akachedwa mphindi 10 auzidwa kuti wadzichotsa yekha, pamene oyesa akachedwa maola 5 palibe wopepesa. Wotchi imodzi singakhale ndi malamulo awiri. Ngati ola lolembedwa m'kalata limanga woitanidwa, limanganso woitana.

Wina anganene kuti izi ndi za ulemu chabe, zinthu zazing'ono. Mbiri ya dziko lathu imutsutsa. Itatha nkhondo ya John Chilembwe ya m'chaka cha 1915, boma la atsamunda linaika bungwe lofufuza chimene chinautsa anthu. Pamodzi ndi madandaulo aakulu a malo ndi a thangata, mboni zinatchulanso za chipewa: kuti munthu wakuda anakakamizidwa kuvula chipewa pokumana ndi Mzungu, ndipo kawirikawiri Mzunguyo sanabweze ulemuwo. Chipewa ndi kanthu kochepa. Koma ulemu wopita mbali imodzi yokha uuza munthu tsiku ndi tsiku kuti sawerengedwa. Benchi la pakhonde linena mawu omwewo.

Komatu tisaweruze titamva mbali imodzi. Oyesa nawonso ali ndi zovuta zoona. Mmodzi wa iwo achokera kutali ndipo galimoto yawonongeka panjira, magetsi azima, pagwa maliro, wa ku chipatala aitanidwa mwadzidzidzi kwa wodwala. Ndiponso ofuna ntchito achuluka koposa malo amene alipo. Tikumbuka chaka cha 2020, pamene Unduna wa Zaumoyo unaitana onse ofuna ntchito ya alangizi a zaumoyo kuti adzayesedwe, ndipo khamu linadza lalikulu kotero kuti pa sukulu ya Katoto ku Mzuzu anthu anapondana, ambiri navulala. Tivomereza kuti kuchedwa kwina sikulephereka. Koma kukhala chete kulephereka nthawi zonse, pakuti mawu sagulidwa. Ndipo kuchedwa kwambiri kubadwa pa tsiku lolemba makalata. Mukaitana anthu 40 onse 8 koloko, ndipo aliyense adya mphindi 15, mwana wa sukulu akhoza kukuuzani kuti wotsiriza adzatuluka patapita maola 10. Amene adziwa kuwerengera ndalama za malipiro sangalephere masamu amenewa. Akhoza kugawa anthuwo, ena m'mawa, ena masana, ena mawa lake.

Palinso ena amene adikiritsa dala, nanena kuti ali kuyesa kuleza mtima kwa munthu. Amenewa tiwatsutsa koposa onse. Wotsala pa benchi kufikira madzulo si ndiye woleza mtima koposa. Kawirikawiri ndiye wanjala koposa, wopanda kwina kopita. Mayeso otere ayesa umphawi wa munthu, ndipo umphawi wake unadziwika kale pamene analemba kalata yopempha ntchito. Ndiponso munthu wolembedwa mwa njira imeneyi waphunzira phunziro lake loyamba asanagwire ntchito: kuti pamalo pano wamphamvu sasunga mawu. Tsiku lina iye adzakhala ndi makiyi a sitolo kapena cholembera cha pa windo, ndipo odwala, makolo a ana a sukulu ndi alimi a tiyi adzadikira pa benchi lake monga iye anadikira.

Mawu amenewa afika ndi kwa ife a m'mipingo, pakuti nafenso tilemba aphunzitsi, anamwino, alonda ndi ophika. M'fanizo la antchito a m'munda wamphesa, pa Mateyu 20, timakonda kukamba za malipiro; koma taonaninso kuti mwini munda anatuluka yekha kasanu pa tsiku limodzi kupita kumene anthu anaima osalembedwa, ndipo otsalira madzulo anawafunsa chifukwa chake. Sanawasiye kwa mlonda. Chotero inu oitana, chitani izi. Tchulani ola limene mungathe kulisunga. Mukachedwa, tulukani nokha kapena tumani munthu akanene kuti, "Pepani, tachedwa chifukwa chakuti-chakuti, tiyamba nthawi yakuti." Ikani madzi akumwa, ndipo muwaonetse kumene kuli chimbudzi. Yambani ndi amayi oyamwitsa ndi ochokera kutali. Ngati mayeso alephereka, nenani m'mawa, anthu akapulumutse theka la tsiku lawo. Ngati malo mwapatsa kale munthu wina, musaitane anthu kudzakongoletsa khonde lanu. Kumeneko ndi kunama, ngakhale simunatsegule pakamwa. Ndipo inu akalaliki, amesenjala ndi alonda, musayese kuti ulemu wanu ukula pamene mukalipira ofuna ntchito. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Nanga inu odikira? Mkwiyo wanu suli wopanda chifukwa, ndipo sitikuuzani kuti muunamize kuti kulibe. Koma muugwire pakhosi monga mugwira mbuzi yolusa, kuti usakugwetseni. Fikani pa nthawi, ngakhale mudziwa kuti iwo adzachedwa, pakuti kusunga mawu ndi chuma chanu chimene palibe angakulandeni. Likapita ola, imirirani ndi kufunsa mwaulemu kuti, "Zikomo bambo, tinaitanidwa 8 koloko, kodi mungatiuzeko nthawi imene tidzayambe?" Kufunsa kotere si mwano, ndipo ndi bwino kufunsira onse a pa benchi, osati inu nokha. Musagule malo a patsogolo ndi ndalama ya m'manja mwa mlonda, pakuti pakutero muba tsiku la mnzanu amene anafika poyamba. Musatsanulire mkwiyo pa mesenjala, amene sanalembe kalata ija. Mukalowa, musalole kuti maola a pakhonde ayankhe mafunso m'malo mwanu. Mwavutika kale mokwanira, musatayenso chimene munadzera.

Kodi nkuloleka kuchoka? Inde, nkuloleka, pakuti pangano limene mbali imodzi yaliswa silimanganso mbali inayo. Ngati minibasi yotsiriza ili pafupi kunyamuka, kapena mwana akulira kunyumba, tsanzikani bwino, siyani dzina lanu, ndi kupempha tsiku lina. Koma wotsala chifukwa ana ake alibe ufa asadziyese wopanda ulemu, ndipo wochoka asamunyoze. Manyazi a tsiku limenelo sali pa wokhala pa benchi. Ali pa amene anamukhazika.

Ndipo kumbukirani kuti pa tsiku la mayeso oyesedwa ndi awiri. Oyesa ayang'ana masatifiketi anu, koma inunso mwaona khalidwe la nyumba imene mufuna kulowamo. Musaiwale chimene mwaona. Ena a inu, owerenga athu achinyamata, mudzakhala m'kati mwa ofesi zaka zikudzazi, ndipo kunja kudzamveka odi wa mwana wa munthu wina wochokera ku Muloza kapena ku Nkando, atavala malaya ake a ku tchalitchi. Mudzamuyankhe msanga, monga amayi anu anayankhira alendo pakhomo pawo.