Utsi wa pa Mafuwa ndi Nthawi ya Imfa



M'mwezi uno wa Ramadhani moto suzima pakhomo: madzulo futari, m'bandakucha daku. Kodi amene amakhala pa mafuwa ndani? Kawirikawiri ndi amayi athu ndi agogo, m'kakhitchini kopanda zenera, nkhuni zaziwisi zikufuka, misozi ili chuchuchu. Masana ali kuwamba kampango ndi mlamba. Ena atha zaka 40 ali mu utsi wotere.

Akayamba kutsokomola ndi kubanika timati, "Ndi ukalamba." Akamwalira timati, "Nthawi yawo inakwana." Zoonadi, nthawi ya imfa aidziwa Allah yekha. Koma kodi mawu amenewa amatichotsera ife mlandu?

Tamverani. Mu utsi muli tinthu tosaoneka ndi maso timene timalowa mkati mwenimweni mwa mapapo, tina n'kufika m'magazi. Pakapita zaka timabweretsa chibayo, matenda a mtima, kufa ziwalo ndi khansa ya m'mapapo, ndipo thupi lokalamba ndilo limagonja msanga. Bungwe la WHO linawerengera kuti mu 2020 anthu pafupifupi 3.2 miliyoni anafa chifukwa cha utsi wa m'nyumba. Ku London, mu December 1952, utsi wa malasha unakuta mzinda masiku 5, nafa anthu osachepera 4,000, ambiri mwa iwo okalamba ndi odwala chifuwa. Popeza anafa nthawi imodzi, dziko linadzidzimuka, ndipo mu 1956 linakhazikitsa lamulo lochepetsa utsi. Wathuwu umapha mwakachetechete, mmodzimmodzi, n'chifukwa chake sitiuwerengera.

Inu asodzi, mumadziwa kuti moyo uli m'manja mwa Allah, komabe bwato likabooka mumalimata, ndipo mwera ukakula simulowa m'nyanja. Kodi kumeneko n'kuchepa kwa chikhulupiriro? Iyayi. Thupi ndi amana, chinthu chotisungitsa. Wosadziwa sazengedwa mlandu. Koma amene wamva, n'kumadyabe futari osalabadira chifuwa cha womuphikira, adzafunsidwa.

Wina adzati, "Shehe, ndife osauka, magetsi tilibe." N'zoona, ndipo umphawi si tchimo. Tidzafunsidwa pa zimene zinali m'manja mwathu. Kuyanika nkhuni kufuna ndalama? Boolani zenera. Kunja kukakhala bwino, phikirani panja. Chitetezo mbaula imadya nkhuni zochepa. Mbaula ya makala isalowe m'chipinda chotseka. Anyamata, thandizani pa moto kuti agogo apume. Zinyalala za pulasitiki musatenthe pakhomo, ndipo fodya amene mwamusiya masana musamubwerere usiku. Chifuwa chikapitirira masabata 2, aperekezeni kuchipatala.

Swaumu imatiphunzitsa kumva njala ya mnzathu. Itiphunzitsenso kumva kubanika kwa makolo athu. Allah alandire kusala kwathu ndipo awachitire chifundo otilera. Amin.