Kodi Chathuchathu N'chiti?

Munthu akakhuta amaiwala msanga amene adalima munda. Amadziguguda pachifuwa nanena kuti zonse zimene ali nazo n'za thukuta lake. Koma kodi chilipo chimene munthu anganene kuti n'chakechake? Funsoli tilitengere ku nyenyezi.

Akatswiri a zakuthambo amati chilengedwe chidayamba zaka pafupifupi mabiliyoni 13.8 zapitazo. Pa nthawiyo kudali makamaka mipweya iwiri yopepuka, haidrojeni ndi hiliyamu. Chitsulo, kaboni ndi okosijeni kudalibe. M'chaka cha 1957, Fred Hoyle, William Fowler, Margaret Burbidge ndi Geoffrey Burbidge adafotokoza kuti zinthu zoterezi zimapangika m'kati mwa nyenyezi, m'moto woposa wa ng'anjo zimene makolo athu ankayengeramo chitsulo. Nyenyezi ikamafa imamwaza zimene idapanga, ndipo m'fumbi lakelo mumabadwa nyenyezi zina.

Masiku ano akatswiriwa amawerengera pa kompyuta kuchuluka kwa nyenyezi za mbadwo uliwonse, kutalika kwa moyo wake ndi zimene zidasiya pakufa. Akatero amayerekeza zotsatira zake ndi kuwala kwa nyenyezi zenizeni. Amapeza kuti nyenyezi zakalekale zili ndi chitsulo chochepa zedi, pamene Dzuwa, limene lidabadwa zaka mabiliyoni 4.6 zapitazo, lili nacho chochulukirapo. Mbadwo uliwonse udalandira, nuwonjezapo, nusiyira wotsatira.

Choncho chitsulo cha m'magazi mwa mfumu ndi cha m'magazi mwa mwana wamasiye chidachokera m'ng'anjo zomwezo. Palibe amene adachigwirira ntchito. Nanga kudzikuza kumachokera kuti?

Wina angatsutse kuti nyenyezi ilibe mtima, kotero kuti sitili nayo ngongole. Izi n'zoona. Nyenyezi imapereka mosadziwa, ndiponso singathe kumana. Munthu yekha ndiye amatha kulandira kenaka n'kufumbata manja. Apa ndi pamene pagona mlandu wathu. Chiyankhulo, nthaka, mitengo ndi maphunziro tidazipeza, monga momwe tidapezera magazi athu. Ngongole yake sitingaibweze kwa adatipatsa, pakuti ambiri adatsikira kuli chete. Tingaibweze kwa akudza m'mbuyo mwathu.

Pa zaka zanga zauphunzitsi ndidaona ana anzeru amene atakwera adaiwala azing'ono awo. Ndidaonanso ena amene adabwerera kudzakweza anzawo. Akuluakulu adati kupatsa n'kuika. Chathuchathu si chimene tidalandira ayi, koma chimene tidzawonjezepo tisanachoke.