AKAIDI OPANDA TSIKU LOTULUKA



Munthu aliyense amene woweruza amtumiza kundende amauzidwa kanthu kamodzi komtonthoza, ndiko chiwerengero cha masiku ake. Wakuba mbuzi amva kuti miyezi yakuti, wothyola nyumba amva kuti zaka zakuti, ndipo dzuwa likalowa aliyense achotsapo tsiku limodzi mumtima mwake. Koma alipo akaidi ena amene sauzidwa chiwerengero konse. Bwalo lidapeza kuti choipa chija adachichitadi, mwina kupha munthu kumene. Lidapezanso kuti pa nthawi ija nzeru zao zinali zitasokonezeka ndi misala. Kuwalanga nkosayenera, kuwamasula nkoopsa. Tsono awatsekera m'nyumba imene mbali ina ili ndende, mbali ina chipatala, nakhala momwemo kufikira akulu a dziko atakhutira kuti achira. Ena atuluka. Ena afera momwemo.

Lamulo limeneli tidalilandira kwa Angelezi, ndipo mbiri yake nayi. M'chaka cha 1843, mumzinda wa London, munthu wina wa ku Scotland dzina lake Daniel M'Naghten adawombera Edward Drummond, mlembi wa nduna yaikulu Robert Peel. Iye ankakhulupirira kuti anthu a chipani cha ndunayo akumlondalonda usana ndi usiku kuti amuwononge. Madotolo adachitira umboni kuti ngwodwala, ndipo bwalo silidamtsutse. Dziko lidakwiya, Mfumukazi Victoria nayenso sadakondwe, kotero kuti oweruza aakulu adaitanidwa kuti alongosole bwino za mlandu wotere. Iwo adati munthu sangatsutsidwe ngati matenda a m'mutu adamchititsa kusadziwa chimene akuchita, kapena kusadziwa kuti chimene akuchitacho ncholakwa. M'Naghten adapulumuka chingwe, koma kwao sadakuonenso: adakhala wotsekeredwa zaka 22, namwalira mu 1865.

Inu akatekisiti, kodi mau a oweruzawa simukuwazindikira? Ndi zomwe muphunzitsa ana okonzekera Kulapa koyamba. Kuti tchimo likhale lalikulu pafunika zitatu: kanthuko kakhale kakakulu, munthuyo adziwe kwenikweni, ndipo avomere ndi mtima wake wonse. Pakasowa kudziwa, kapena pakasowa ufulu wa kufuna, mlandu uchepa pamaso pa Mulungu, mwinanso utheratu. Magazi adakhetsedwa ndithu, maliro adaliridwa ndithu, komabe nkutheka kuti dzanja limene lidagwira nkhwangwa ndi la munthu amene Mulungu samuwerengera tchimolo. Mau awa ngolimba kwa ofedwa, ndipo sindiwanena mopepuka. Wina asapezerepo pothawira ai. Amene amwa kachasu kapena kusuta chamba akudziwa kuti akaledzera amamenya mkazi wake, mlandu wake udayamba pamene adatukula botolo.

Nyumba yotchuka ya anthu otere ndi Broadmoor, m'dera la Berkshire ku England. Idatsegulidwa mu 1863, ndipo oyamba kulowamo anali akazi. Amuna adadza chaka chotsatira, M'Naghten ali mmodzi wa iwo. Mwa akazi aja analipo ena amene adapha ana ao obala okha, misala itawagwira atangochira kumene. Taganizani mayi wotere pamene nzeru zake zibwerera, nafunsa kumene kuli mwana wake! Kodi alipo woweruza pansi pano amene angamuwonjezere chilango china?

Linga la nyumba imeneyo sindilitsutsa. Mu 1952 mmodzi wa otsekeredwa adalumpha linga, ndipo m'maola owerengeka amene anali kunja adapha kamtsikana ka zaka 5. Kuyambira apo adaika malipenga ochenjeza midzi yozungulira. Boma lili ndi udindo woteteza ana a anthu, ndipo chifundo chimene chiiwala kamtsikana kaja nchifundo chabodza. Mlandu uli pa zimene zichitika m'kati mwa lingalo: ngati munthu asungidwa kuti achire, kapena angoponyedwa kuti ife tisamuonenso. Angelezi omwe adatenga zaka zambiri kuti aphunzire zimenezi. Poyamba nyumbayo inali m'manja mwa nduna yoyang'anira ndende. Nkhondo yachiwiri itatha idaperekedwa kwa nduna ya zaumoyo, ndipo lero itchedwa chipatala, okhalamo natchedwa odwala.

Tsono imvani za munthu mmodzi amene adakhala m'menemo zaka 38. William Chester Minor anali Mmereka, mwana wa amishoni, dotolo wa asilikali pa nkhondo ya pachiweniweni ya m'dziko lao. Misala idamgwira pang'onopang'ono: ankakhulupirira kuti usiku uliwonse anthu alowa m'chipinda chake kudzamzunza. Mu February 1872, ali ku London, adatuluka usiku ndi mfuti nathamangitsa munthu amene ankamuyesa mdani wake, namuwombera. Munthuyo anali George Merrett, wantchito wosauka amene ankangopita kukasonkha moto kumalo kumene ankagwira ntchito. Adasiya ana 6, ndi mkazi wake Eliza ali ndi pakati.

Bwalo lidapeza kuti Minor ngwamisala, nimtumiza ku Broadmoor. Pokhala munthu wa ndalama zake, adamlola kukhala ndi mabuku ambiri. Zaka zimenezo anthu ophunzira a ku Oxford, motsogozedwa ndi James Murray, ankasonkhanitsa mau onse a Chingelezi m'buku lalikulu lomasulira mau, napempha aliyense wofuna kuti awathandize kuwerenga mabuku akale. Minor adavomera. Kwa zaka zambiri ankatumiza timapepala zikwi ndi zikwi, tolembedwa mosamala, kotero kuti adakhala mmodzi wa athandizi opambana a ntchito yonseyo. Usana anali mmisiri wa mau. Usiku ankatchinga chitseko ndi mipando kuopa adani amene kunalibe. Sadachire konse. Mu 1910 adaloledwa kubwerera ku America, komwenso adakakhala m'chipatala, namwalira mu 1920.

Anthu ambiri posimba nkhaniyi amatama nzeru za Minor. Ine amene andigwira mtima ndi Eliza. Minor adamlembera kalata yopepesa, namtumizira ndalama zolerera ana. Mayiyo adalandira, ndipo kenaka adachita chimene palibe akadamkakamiza: adapita ku Broadmoor kukaona munthu amene adapha mwamuna wake, napitanso, nthawi zina atamtengera mabuku ochokera ku London. Za m'mtima mwake adziwa ndi Mulungu. Umphawi wake sudathe, ndipo mwamuna wake sadauke. Koma mkazi wamasiye, wosaphunzira kwambiri, adatha kuona kuti kuseri kwa linga kuli munthu wodwala. Ambuye athu adaika kuchezera odwala ndi kuchezera am'ndende pakati pa ntchito zimene adzatifunsa pa tsiku lomaliza. Mayi ameneyu adachita zonse ziwiri pa ulendo umodzi.

Kwathu kuno nkhaniyi si yachilendo. Malo oyamba osungira odwala misala m'Nyasaland adatsegulidwa mu 1910 ngati mbali ya ndende yaikulu ya ku Zomba, ndipo amene ankawayang'anira anali asilikali a ndende. Wodwala ndi wakuba ankadya nsima ya mumphika umodzi. Chipatala chenicheni cha Zomba Mental chidatsegulidwa mu 1953, pa nthawi yomwe mankhwala oyamba oziziritsa misala ankayamba kugwiritsidwa ntchito ku Ulaya. Mpaka lero mabwalo amatumiza kumeneko anthu oimbidwa milandu kuti madotolo awayese. Zaka zoposa 70 zapita chichokere odwala m'ndende, koma m'kamwa mwathu sadachokemo: mau akuti “adapita ku Zomba” tiwanenabe ngati chitonzo, ana athu nawaphunzira kwa ife.

Eklezia ali ndi woyera amene adalawa zimenezi m'thupi lake. Yohane wa Mulungu, atamva ulaliki wa Yohane wa ku Avila mumzinda wa Granada, adayamba kulira ndi kudzigwetsa m'misewu, anthu namuyesa wopenga. Adamtsekera m'chipatala cha mfumu, kumene mankhwala a misala anali unyolo ndi chikoti. Atatuluka adalonjeza kutsegula nyumba yake kumene odwala adzasamalidwa ngati anthu, nachitadi chomwecho kufikira imfa yake pa 8 March 1550. Abulazala a chipani chake ndi omwe asamala odwala otere ku Mzuzu kuyambira m'zaka za m'ma 1990.

Werenganinso mutu 5 wa Mthenga Wabwino wolembedwa ndi Marko Woyera. Munthu wa ku Gerasa uja ankakhala kumanda, anthu a m'mudzi atalephera kummanga ndi maunyolo. Ambuye atamchiritsa, anthu adampeza atakhala pansi, atavala, nzeru zake zili bwinobwino. Ndipo m'malo mokondwa adachita mantha. Munthuyo adapempha kukwera nawo m'ngalawa, ndipo ndani angamdzudzule? Ankadziwa maso amene ankamdikira kumudzi. Koma Ambuye adamkaniza, namtumiza kwao kwa abale ake. Kuchiza kudatha m'kanthawi kochepa. Chotsala chinali ntchito ya mudzi. Ndipo apa mpamene ife timalephera. Madotolo anena kuti munthu wachira, koma palibe mbale wobwera kudzamtenga. Munda wake adagawana kale, nyumba yake idagwa, dzina lake silitchulidwanso pabwalo. Ameneyu adzakhalabe m'kati, womangidwa ndi a mtundu wake.

Popeza ndatchula za ku Gerasa, ndichenjezepo. Musathamangire kunena kuti wodwala aliyense ali ndi mizimu yoipa kapena adalodzedwa. Eklezia salola wansembe kutulutsa mizimu popanda chilolezo cha Ambuye Episkopi, ndipo alamula kuti ayambe watsimikiza kuti si matenda. Misala ili ndi magwero ambiri: ina ibwera ndi malungo aakulu, ina itsata kubereka, ina imayenda m'magazi a banja, ina idzutsidwa ndi chamba. Kummanga munthu pamtengo masabata atatu uku mukumuimbira nyimbo ndiko kuchedwetsa mankhwala, ndipo milandu ina ya magazi ikadapeweka wodwalayo akadafika msanga kuchipatala. Kuloza chala nkhalamba ya m'mudzi kuti ndiyo idamlodza ndiko kuwonjezera tchimo pa tsoka.

Inu akatekisiti ndi akulu a mpingo, ngati m'dera lanu muli banja limene mmodzi wa iwo adatsekeredwa motere, lembani dzina lake mubwere nalo kwa wansembe. Mkristu wotere akadali nkhosa ya parishi yake. Nzeru zikamamubwerera angathe kulapa ndi kulandira Ukaristia. Akadwala kwakayakaya ayenera kudzozedwa. Akamwalira aikidwe ndi mwambo wa Eklezia monga wina aliyense, ndipo wina asakanize kwaya kuimba. Limbikitsani abale kupita kukamuona, ngakhale kamodzi pa chaka, atatenga kaufa ndi sopo. Ndalama ya ulendo ikawasowa, mphakati usonkhe. Akatuluka, muonetsetse kuti akumwa mankhwala ake ndi kupita kuchipatala pa tsiku limene adamuuza, pakuti ambiri amene abwerera m'matenda ndi amene adaleka mankhwala atadzimva bwino. Ndipo asanafike kumudzi mundidziwitse msanga, kuti ine ndi inu, pamodzi ndi mfumu ya m'mudzi, tiyambe tapita kunyumba ya ofedwa kukakhala nao pansi. Asadzamve za kubwera kwake pa chitsime.