Kodi Mlenje Wokalamba Anena Zoona?

Chiromo ndi malo a pa mathiriro a mtsinje wa Ruo, pamene madzi ake akomana ndi Shire. Dziko limeneli lidziwika ndi kutentha kwake, pakuti mwezi wa Okotobala munthu sangathe kuponda mchenga masana wopanda nsapato. Koma m'miyezi ya Juni ndi Julayi kuzizira ndithu. M'mamawa nkhungu igona pamwamba pa madzi, ndipo masiku ena mphepo ya chiperoni idza ndi mitambo kuchokera ku Mozambique, niphimba mapiri a Thyolo. Pamenepo nkhalamba zikhala pa moto kufikira dzuwa litakwera.

Mwa nkhalamba zimenezi alimo ena amene anali alenje pa unyamata wao. Iwowa akakomana, nkhani zao sizichuluka. Akamba za chisanu, za matenda ao, ndi za tinyama ta m'tchire. Wina afunsa, "Achimwene, mwadzuka bwanji ndi mphepo imeneyi?" Mnzake ayankha, "Pang'ono, bwanawe, maondo akana. Chisanu cha chaka chino sindinachione chibadwire." "Nanga misampha ija?" "Ndinakaonako dzulo, koma ndinapeza kapuku mmodzi yekha. Ndi akalulu omwe a masiku ano athamanga koposa akale. Tchire latha, achimwene."

Anyamata akamva zotere aseka, chifukwa mau omwewo anawamva chaka chatha ndi chaka china chija. Ena anena poyera kuti ukalamba ndi kudandaula basi. Tsono funso ndi ili: kodi mlenje wokalamba anena zoona? Ndipo ngati zina mwa zonena zake sizili zoona, kodi ayenera kumvedwa?

Za chisanu nzosabvuta kuweruza. Alipo anthu amene ntchito yao ndi kuyeza nyengo tsiku ndi tsiku, ndipo mabuku ao asonyeza kuti chiyambire 1960 dziko la Malawi lakhala likutentherako, osati kuzizirira. Chotero mlenje uja alakwa ponena kuti chisanu chikula chaka ndi chaka. Chimene chasintha ndi thupi lake. Munthu akakalamba, mafuta a pansi pa khungu achepa, mwazi sufika msanga ku zala ndi ku mapazi, ndiponso mwini wake sayenda-yenda monga kale. Ali mnyamata ankalawira m'mame ndi agalu ake, mkondo uli m'manja, osamva kanthu. Lero mame omwewo amlowa m'mafupa.

Koma kulakwa ndi kunama ndi zinthu ziwiri zosiyana. Wonama adziwa choona, nanena china mwadala. Nkhalamba inena chimene ikumva m'thupi mwake, ingophonya dzina la chimene chikuisautsa. Ndiponso m'kati mwa mau akewo mwabisala choona china. Mitengo yatha pafupi ndi midzi, ndipo chikuni chachikulu chimene kale chinkagona pa moto usiku wonse sichipezeka wamba. Anthu asonkha mapesi a mapira ndi zitsononkho, zimene zilirima kanthawi nkuzima. Pakati pa usiku m'nyumba mulibe moto, ndipo bulangete ndi lomwe lija la zaka zambiri, long'ambika. Inde, nkhalamba igona ndi chisanu choposa cha kale, ngakhale kunja sikunasinthe.

Tsono mwambo uli wakuti munthu wamkulu sapempha kwa mwana wake poyera. Sanena kuti, "Ndigulire bulangete." Angoti, "Kwazizira chaka chino," nakhala chete. Mdzukulu amene ayankha kuti, "Iyayi agogo, ku sukulu atiphunzitsa kuti dziko likutentha," wanena zoona, koma sanamve chimene chanenedwa. Nzeru yake ya ku sukulu ndi yabwino, ndipo palibe chifukwa choitayira. Chomsowa ndi khutu lakumva pempho limene ladza litabvala nkhani ya nyengo.

Nkhani ya kalulu ili chimodzi-modzi. Kalulu sanaphunzire liwiro latsopano. Miyendo ya mlenje ndiyo yalemera, ndipo kawiri-kawiri maso ake ayamba ng'ala, kotero kuti aona nyama itapita kale patali. Munthu amene anzake ankamtama chifukwa cha chibonga chake chosaphonya sangathe kunena msanga kuti, "Sindikuona." Nkwapafupi kwa iye kutama kalulu koposa kudzitsitsa yekha. Koma ng'ala ichotsedwa ndi madokotala, ndipo ambiri amene anaileka ntchito chifukwa cha khungu lotere anapenyanso. Chifuwa chimene nkhalamba itcha cha mphepo chingathe kukhala chibayo, kapena chifuwa chachikulu ngati chapitirira milungu iwiri, ndipo mankhwala a chifuwa chachikulu aperekedwa ulere m'zipatala za Boma.

Matenda otere mlenje sawaulula kwa apongozi ake kapena kwa adzukulu. Awaulula kwa alenje anzake, ndiponso mwa nthabwala. Chifukwa chake anzake a pa moto ndiwo ayamba kudziwa kuti mnzao akutsokomola usiku wonse, a pa banja asanazindikire. Apa pali mlandu wa anzakewo. Kuseka naye nkwabwino, pakuti kuseka kumpepuza mtima. Koma amene angoseka, osapita kukanong'oneza mwana wa mnzakeyo kuti, "Atengereni atate anu ku chipatala," ubwenzi wake ndi wa pa moto pokha.

Mau achitatu aja, akuti tchire latha, ndiwo olemera, pakuti pamenepa nkhalamba siilakwa konse. Pafupi ndi Chiromo, cha kumtunda kwake, pali dambo lalikulu limene Azungu alitcha Elephant Marsh, ndiko kuti dambo la njobvu. David Livingstone anapita pamenepo ndi sitima ya pamadzi mu 1859, nalemba kuti anaona njobvu ngati 800. Mu 1897 Boma la Azungu linaletsa kusaka m'dambomo, koma lamulolo silinakhalitse, ndipo minyanga inali ndi malonda. Lero muli mvuu, ng'ona ndi mbalame zambiri, koma njobvu mulibe. Alenje amene ali moyo tsopano njobvu za m'dambo anangozimva kwa makolo ao. Zimene anaziona ndi maso ndi zina: mbawala ndi nguluwe m'mbali mwa minda ya thonje, agwape m'thengo, nkhanga zoyenda unyinji, ndi ntchenzi m'bango.

Zimenezinso zachepa m'masiku a moyo wao womwe. Anthu achuluka, ndipo malo amene anali thengo asanduka minda. Ku Nchalo kunatsegulidwa minda ya nzimbe m'zaka za m'ma 1960. M'zaka za m'ma 1980 anthu ambiri-mbiri othawa nkhondo ya ku Mozambique anadzakhala m'boma la Nsanje, ndipo onsewo anafuna nkhuni, mitengo yomangira ndi ndiwo. Madzi osefukira a 1997, amene anadula njanji pakati pa Chiromo ndi Bangula, ndi a 2015, ndi a namondwe Freddy mu 2023, anamiza mauna ndi zitsamba zobisalamo tinyama, monga anamizira nyumba za anthu.

Nyama zazikulu zili ndi oziyang'anira. Lengwe anapatulidwa mu 1928, Mwabvi mu 1953, Majete mu 1955, ndipo m'menemo muli alonda ndi anthu owerenga nyama. Njobvu zitatha ku Majete, zinatengedwa zina kwina nkudzaikidwamo pambuyo pa 2003. Koma kalulu wa kuseri kwa mudzi palibe amuwerenga. Palibe kalaliki alemba kuti pa mtunda wakuti panali nkhwali, tsopano zasowa. Buku lokha la zinthu zotere lili m'mitu ya nkhalamba zija, ndipo liwerengedwa mokweza pa moto m'mwezi wa Juni. Mnyamata amene anaseka za chisanu ndi za liwiro la kalulu, nachokapo, wataya pamodzi ndi umboni umene sadzaupeza kwina. Akulu anati mau a akulu akoma akagonera, koma sangagonere mwa munthu amene sanakhale pansi kuwamva.

Ngakhale zili tero, mlenje wokalamba ali ndi mangawa akenso pa choona. Pofotokoza kutha kwa nyama, msanga aloza chala anyamata, nati ndiwo atha tchire ndi misampha ya waya ndi moto. Nanga anawaphunzitsa ndani? Pa uzimba wa masiku ake udzu unkatenthedwa dera lalikulu, nyama nkuthawira ku mikondo ndi agalu, ndipo si nthawi zonse pamene yaikazi ya bere inkalekedwa. Apa ndipo nkhalamba ingathe kunama zenizeni, chifukwa idziwa chimene manja ake anachita, nichibisa. Amene anena kuti, "Ifenso tinapha mopitirira, ana inu, ndipo ndi ichi mwapeza thengo lopanda kanthu," mau ake alowa. Amene adziyesa woyera, anyamata amdziwa, pakuti anamva yekha akudzitama za nyama zimene anagwetsa tsiku limodzi.

Mnyamata naye ali ndi mbali yake, ndipo siyenera kunyozedwa. Pa nyumba pamene madzi anakokolola mbeu, mbewa ndi ndiwo, ndipo mpani wa mbewa ugulitsidwa nkugula mchere ndi sopo. Kumuuza munthu wanjala kuti aleke kusaka ndi mau a munthu wokhuta. Ndiponso mbewa ziswana msanga, kotero kuti khasu la wokumba silingazithe. Choononga ndi moto umene ayatsa kuti mauna aoneke. Motowo upsereza udzu wofolera nyumba, upha timitengo tongophuka kumene, akamba ndi tiana ta akalulu, ndipo tsiku la mphepo ulumphira ku nkhokwe. Timitengo tija nditi tikadakhala nkhuni za nkhalamba ya m'tsogolo, ndiye mnyamata yemweyo.

Apa ndi pamene macheza a pa moto akhala ntchito. Mlenje wakale adziwa kupeza una popanda kutentha tchire. Adziwa dothi latsopano pa khomo pa una, tinjira ta mbewa m'udzu, ndi mapesi odulidwa mopendama amene asonyeza kuti ntchenzi inadya pamenepo usiku. Adziwa potchera diwa ndi nyambo yake. Adziwanso kuti khoswe kapena mbewa yopezeka itafa yokha siitoledwa, ndipo a chipatala abvomereza zimenezi, chifukwa nthata za makoswe zifalitsa mliri woopsa, wonga umene unagwa m'boma la Nsanje mu 2002. Miyendo yake siingathe kufika ku thengo, koma zonsezi angathe kuzinena ali chikhalire, ngati alipo womfunsa.

M'midzi yambiri ukadalipo mwambo wakuti mnyamata akapha ntchenzi kapena kalulu, apatulako nthuli nkukapereka kwa mkulu wa pa mudzi. Ena aganiza kuti ndi ulemu chabe. Koma mkuluyo polandira sangothokoza. Afunsa kuti, "Waipha kuti, mwanawe? Inali yaimuna kapena yaikazi? Nanga unaona mapazi a zina?" Mnyamata akayankha, mkulu auza anzake m'mawa mwake kuti ku bango la kumunsi ntchenzi zikadalipo, koma zichepa, ndi kuti anyamata ayambe apita kwina kufikira mvula itagwa.