Fumbi Linyowe Kaye



Kunja kwayamba kuyera. Pamakomo ena ku Ndirande, ku Kawale, ku Chibavi, wina wanyamula kale ndowa ndi kansalu, akutsuka galimoto dzuwa lisanakwere. Wasankha nthawi yabwino, pakuti dzuwa likatentha, sopo amaumira pa penti n'kusiya mawanga.

Koma taonani mmene wodziwa ntchitoyi amayambira. Sathamangira kupukuta ayi. Amayamba wathira madzi, kuchokera padenga kutsikira kumatayala. Kenako amadikira pang'ono, fumbi linyowe, litsetsereke lokha.

Fumbi lathu la m'chilimwe lili ndi timchenga. Mukalipukuta lili louma, timchengato timakanda penti. Lero simuona kanthu. Koma pakapita miyezi, galimoto ija imayamba kuthimbirira, ndipo laikanda ndi dzanja lomwelo limene limafuna kuiwalitsa. Ngakhale polishi amapakidwa fumbi lonse litachoka.

N'chimodzimodzi ndi anthu amene timakhala nawo. Mwana walakwa. Akunyumba adzuka nkhope ili yakugwa. Mnzathu wa kuntchito anatikhumudwitsa dzulo. Timafuna kukonza zinthu, ndipo cholinga chathu n'chabwino. Komatu mawu oona, akanenedwa mwaphuma mtima wa mnzathu usanafewe, amasiya zipsera.

Choncho yambani ndi moni. Funsani mmene wagonera. Mumvetsereni mpaka amalize. Zovutazo muzinene pambuyo pake, modekha, ndipo mwina mupeza kuti zina zatha zokha.

Lero, musanadzudzule munthu, muonetseni kaye kuti mumamukonda.

Muyende bwino, ndipo tsiku likukomereni.